Dzanja la Woumba Silibisika

Patebulo langa lowerengera pali kamwala kotuwa, kukula kwake ngati chibakera cha mwana. Alendo amakonda kukatola n'kumakatembenuza m'manja, poti n'kopepuka mosayembekezeka ndiponso kali ndi timaenje tosawerengeka ngati chisa cha njuchi. Alamu anga anati malo ake n'kubafa, kazikwechera zidendene. Ine ndimakasunga chifukwa kanandichititsa manyazi pamaso pa ana a Fomu 3, ndipo manyaziwo anandiphunzitsa zimene sindinatole ku koleji.

Ndinakapeza mu 2012 pa chilumba cha Ilha de Moçambique. Ndinadutsa pa Nayuchi, n'kukwera sitima ya tsiku lathunthu kuchokera ku Cuamba mpaka ku Nampula, kenaka minibasi mpaka pa mlatho wopapatiza wa makilomita oposa 3 wolowera pachilumbacho. Nyumba zakale za mbali yakumpoto n'zomangidwa ndi miyala ya korali, yomatidwa ndi njereza yootcha kuchokera ku miyala yomweyo. Mbali yakummwera, kumene kumakhala anthu ambiri, n'kotsika kuposa msewu, mwakuti umayang'ana madenga chapamwamba uli chiimire, chifukwa ndi m'maenje mmene munkakumbidwa miyalayo. Ndinaima pamenepo kwa kanthawi ndikulingalira za apaulendo a zaka za m'ma 1700 ndi 1800 amene ankafika kugombe limeneli kuchokera kuno kwathu atasenza minyanga ya njovu, ena a iwo osadzabwereranso poti nawonso anali katundu wamalonda.

Bambo ena achikulire ankakonza chipupa chogumuka. Chilomwe changa chotola kwa Anganga ndi Chimakua chawo zinakumana pakati movutikira, komabe tinamvana. Nditawafunsa za miyala ya timaenjeyo, anatola kachidutswa pamulu wa zogumuka, n'kundiika m'dzanja, n'kuloza kunyanja. Anati mwala umenewu umamera. Ndinaseka mwaulemu. Mumtima ndinati bambowa akanadziwa, ameneyu ndi calcium carbonate basi.

Sukulu zitatsegulidwa ndinakatengera m'kalasi. Ndinandandalika patebulo mwala wa laimu wa ku Balaka, chigoba cha nkhono, chigoba cha dzira ndi korali wangayo, n'kudonthezera asidi pa chilichonse. Zonse zinachita thovu. Ndinalemba pabolodi CaCO3 m'zilembo zikuluzikulu, n'kulengeza kuti zinayi zonsezi ndi chinthu chimodzi, ndipo zipangizo zake zili kale m'madzi a m'nyanja yamchere. Mtsikana wina wokhala kumbuyo, wosayankhulayankhula, anakweza mkono.

"Aphunzitsi, ngati zipangizozo zili kale m'madzimo, bwanji nyanja yonse siuma n'kusanduka mwala? Nanga kanyama kopanga korali ntchito yake n'chiyani?"

Ndinamuyankha kuti funsolo silili pa silabasi. Belu linandiombola.

Usiku umenewo tulo tinavuta, ndipo m'malo moona nyanja ndinkangoona Anganga akuumba. Mayi awo a mayi anga, ku Chiradzulu, anali oumba mbiya. Amayi onse a m'mudzimo ankatapa dongo pa mtapo umodzi kudambo. Koma ukatola phale panjira, ngakhale laling'ono ngati ndalama yachitsulo, iwo ankalizindikira: ili ndi la auje, ili ndi la auje. Ndinkafunsa kuti amadziwa bwanji dongo lili limodzi. Anganga ankaseka n'kunena kuti, "Amuna anga, dongo ndi la Mulungu, koma dzanja ndi langa." Ankalisinja dongolo, n'kuchotsa timiyala, n'kusakanizamo mapale osinja pa muyeso wodziwa okha. Ankaumbira m'kanyumba kotseka kuopa mphepo, ndipo mphika wauwisi ankauphimba ndi masamba a nthochi kuti uume pa liwiro lofuna iwo. Anali amanzere, choncho mizere yonse ya m'kati mwa miphika yawo inkapendekera mbali yosiyana ndi ya anzawo. Dongo likangosiyidwa padambo limangong'aluka ndi dzuwa. Palibe anaonapo mtsuko utadziumba wokha.

Zinanditengera miyezi ndikuwerenga kuti ndipeze yankho la mwana uja, ndipo yankholo linandibwezera m'kanyumba ka Anganga.

Womanga korali ndi kanyama kofewa kotchedwa polyp, kooneka ngati kathumba ka pakamwa pamodzi pozunguliridwa ndi timanja. Ta mtundu wa Porites, timene timamanga zimiyala zofika kukula ngati nyumba, n'tochepa ngati njere ya mawere. Timakhala tambirimbiri tolumikizana, ngati chikopa cha mamilimita ochepa chofunditsidwa pamwala. Chamoyo n'chikopa chokhacho. Zonse za pansi pake ndi mafupa amene tinamanga zaka zapitazo n'kumakwera pamwamba pake. Akatswiri a ku Ulaya ankati timanjato ndi maluwa, ndipo Jean-André Peyssonnel atanena m'zaka za m'ma 1720 kuti ndi tinyama, anzake ku Paris sanamukhulupirire. Bambo a chipupa aja, ponena kuti mwala umamera, anali pafupi ndi choonadi kuposa ine ndi zilembo zanga zikuluzikulu.

Funso la mwanayo linali lolunjika pamtima pa nkhani. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere ili ndi kashiamu wa mamiligalamu pafupifupi 400, ndipo m'nyanja zofunda madziwo asenza zipangizo za mwalawu zochuluka katatu kapena kanayi kuposa zimene akanayenera kusunga. Komabe mwala supangika wamba. Timibulu toyamba timavuta kugwirana, ndipo zinthu zina zosungunuka m'madzimo zimatitsekereza tikangoyamba. Dongo lilipo, koma likudikira woumba.

Tsono kanyamako kamatseka chitseko. Pakati pa khungu lake la pansi ndi mwala pamakhala kampata kopyapyala kuposa tsitsi. Mmenemo kamalowetsa madzi a m'nyanja pang'ono, n'kuyamba kuwasintha. Pa maselo a khungulo pali timapampu tokankhira kashiamu m'kati n'kutulutsa haidrojeni, amene ndiye mwini ukali wa asidi, awiri pa kashiamu mmodzi aliyense. Mpweya wa carbon dioxide umene kanyamako kamapuma umalowerera m'kampatamo, ndipo poti asidi wachepa, umasanduka carbonate wokonzeka kugwirana ndi kashiamu. Mu 2011 Alexander Venn ndi anzake ku Monaco analera korali wa mtundu wa Stylophora pistillata pa kagalasi kopyapyala n'kumamusuzumira chapansi ndi makina oonera tinthu tating'ono. Anapeza kuti pH ya m'kampatamo imaposa ya madzi akunja ndi 0.5 kukamawala, ndi 0.2 mumdima. Kwa wosazolowera, 0.5 ndi kanthu kopepuka, koma pa muyeso umenewu zikutanthauza kuti asidi watsala gawo limodzi lokha mwa magawo atatu.

Mapale osinja nawonso alipo. Kanyamako kamatulutsira m'kampatamo mapulotini ogwira kashiamu ngati ulimbo, ndipo mu 2013 Tali Mass ndi anzake ku yunivesite ya Rutgers anaonetsa kuti mapulotini amenewa, ataikidwa okha m'madzi a m'nyanja, amayambitsa timibulu ta mwala. Kuchokera pa timibulu timeneti pamatuluka timasingano ta aragonite, mtundu wa calcium carbonate umene korali amamanga nawo, toyalana m'mitolomitolo. Timaenje ta pa kamwala kanga ndi zipinda, chilichonse chinali ndi mwini wake.

Kupopa kumafuna mphamvu, ndipo mphamvuyo imachokera kwa alendo. M'maselo a kanyamako mumakhala ndere zazing'ono kwambiri zimene zimapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa n'kugawira mwininyumba gawo lalikulu la zimene amadya. Mu 1959 Thomas Goreau ku Jamaica anayeza kakulidwe ka korali pogwiritsa ntchito kashiamu-45, wotheka kumulondola ndi makina, n'kuona kuti kumanga kumafulumira kukamawala. Kafukufuku wa pambuyo pake anapeza kuti masana korali amamanga pafupifupi katatu kuposa usiku. Ndiye kuti m'mwala umenewu muli dzuwa, mitambo, njala ndi kukhuta kwa kanyama. Pabolodi langa zonsezi panalibe.

Apa nkhani inayamba kundikoma, chifukwa mwala womangidwa tsiku ndi tsiku umasunga masiku. Porites amakula pafupifupi sentimita imodzi pachaka, ndipo ukamucheka n'kumujambula ndi X-ray umaona mizere yothithikana ndi yotakasuka ikusinthana, ngati ya pa chitsa cha mtengo. Umboni woti mizere iwiri ndi chaka chimodzi unachokera pa chinthu choipa. Pakati pa 1948 ndi 1958 dziko la America linkaphulitsa mabomba a nyukiliya pa zilumba za Enewetak m'nyanja ya Pacific, ndipo korali wa kumeneko anamanga phulusa la mabombawo m'mafupa ake. Mu 1972 David Knutson, Robert Buddemeier ndi Stephen Smith anagoneka zidutswa za koraliyo pa filimu yojambulira zithunzi, mizere ya mabomba n'kudzilemba yokha. Poti zaka za mabombawo zinali zodziwika, anangowerenga mizere ya pakati pake. Kuyambira pamenepo chimwala cha mamita atatu chinasanduka kalendala ya zaka pafupifupi 300.

Kalendala yokha sinawakwanire asayansi. Ankafuna choyezera kutentha. Ganizolo linachokera kwa Harold Urey wa ku yunivesite ya Chicago mu 1947. Okosijeni si wa mtundu umodzi: pa maatomu 1,000 aliwonse, awiri okha ndi olemerako, otchedwa okosijeni-18, ndipo pafupifupi ena onse ndi opepuka, okosijeni-16. Mwala ukamapangika m'madzi ozizira umatenga olemerawo ochulukirapo, ukamapangika m'madzi ofunda umatenga ochepa. Ukayeza chigoba chakale, ndiye kuti wayeza kutentha kwa nyanja ya nthawi imene kunalibe munthu woviikamo chala. Koma Urey yemweyo anachenjeza mu 1951 kuti zamoyo zina sizitsata lamuloli, ndipo kusamvera kumeneku anakutcha vital effect, ndiye kuti zochita za moyo. Kwa zaka zambiri dzinali linali ngati thumba loponyamo chilichonse chosamvetsetseka. Manambala akakana kugwirizana, ankati ndi moyo wasokoneza.

Korali anapezeka kuti ndi mmodzi wa osamverawo. Okosijeni wolemera m'mafupa ake ndi wochepa kwambiri, mwakuti wowerenga mosasamala angaganize kuti nyanja inali yotentha ndi madigiri oposa 10 kusiyana ndi mmene inalili. Chifukwa chake anachifotokoza Ted McConnaughey mu 1989 atafufuza korali wa ku zilumba za Galápagos: ndi changu. Carbon dioxide akalowa m'kampata kaja amayenera kugwirana ndi madzi, ndipo pa liwiro limeneli maatomu opepuka ndiwo amatsogola, monga mmene ana opepuka miyendo amayambira kufika pamzere wa phala belu likangolira. Pakanakhala nthawi, maatomuwo akanasinthana malo ndi a m'madzi mpaka aliyense atapeza gawo lake loyenera. Koma korali sadikira. Amawatsekera m'mwala mlandu usanagamulidwe.

Kaboni nayenso ali ndi wopepuka ndi wolemera, ndipo ndere zija zimasankha wopepuka popanga chakudya, n'kusiyira womanga wolemerako. Dzuwa likaomba kwambiri ndere zimadya kwambiri, mwala n'kulemera. Mitambo ikaphimba, kapena kanyamako kakamadalira tizilombo togwira ndi timanja take usiku, muyeso umasintha. Asayansi anatembenukira kwa strontium, amene amafanana ndi kashiamu mwakuti amazemba n'kulowa m'malo mwake, pafupifupi maatomu 9 pa 1,000 aliwonse, ndipo amachepa madzi akamafunda. Mu 1992 Warren Beck ndi anzake anaonetsa kuti muyeso umenewu umatsatira kutentha kwa nyanja mwezi ndi mwezi. Chimwemwe chinali chachikulu, koma mu 2002 Anne Cohen wa ku Woods Hole anayerekeza makorali a mtundu umodzi, okhala m'madzi amodzimodzi, ena okhala ndi ndere, ena opanda, n'kupeza kuti strontium wawo akunena zosiyana. Kulikonse kumene anakanda anapezako chala cha woumba.

Nditafika apa ndinatsala pang'ono kutseka mabuku. Ndinati mboni yotere pabwalo la amfumu angoithamangitsa. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu ntchito yomweyo ya McConnaughey munali chinthu chimene ndinachilumpha poyamba. M'mbali mwa chimwalacho, kumene kuli mthunzi ndipo kukula n'kochedwa, kupendekera kumasinthasintha, lero kwambiri, mawa pang'ono. Koma pamwamba, pamene kanyamako kali ndi thanzi ndipo kakumanga mwachangu, kupendekerako n'kwakukulu koma n'kosasintha chaka ndi chaka. Sikelo ya pamsika imene imaba magalamu 200 nthawi zonse ungagulirepo ndithu, bola uzidziwa zoonjezera 200. Yoopsa ndi imene lero yaba, mawa yapatsa. Choncho ofufuza amaboola chimwalacho motsata mzere wa kukula kwachangu, n'kuyerekeza zaka zaposachedwa ndi zimene zoyezera kutentha zinalemba pamalo omwewo, n'kudziwa kuti korali ameneyu amapendekera motere. Akatero m'pamene amatsika m'zaka zimene kunalibe woyeza. Wofuna kumva za nyanja amayamba wadziwa kanyama.

Ndipo mboniyo ikamvetsetsedwa, zimene imanena n'zolemera. Ku Malindi, pa gombe la Kenya, Julia Cole ndi anzake anawerenga korali woyambira mu 1801 kufika mu 1994, n'kupeza kuti nyanja ya kumeneko inafunda ndi madigiri pafupifupi 1.3 m'zaka zimenezo. Mu 2007 Dominik Fleitmann ndi anzake anawerenga korali wa zaka 300 wa m'dera lomwelo, koma iwo ankafuna barium, amene amabwera ndi matope a mtsinje wa Sabaki. Kwa zaka pafupifupi 200 matopewo anali ochepa. Chitangodutsa chaka cha 1900, atsamunda a ku Britain atayamba kutenga minda kumtunda, anayamba kukwera, n'kumangopitirira. Kanyama kosaona, kosadziwa kuti kuli dziko lotchedwa Kenya, kanalemba mbiri ya kulandidwa kwa nthaka ndi kukokoloka kwake. Ndikaona Shire atafiira m'mwezi wa Januwale ndimadziwa kuti dothi lathu nalonso lili paulendo wa kunyanja yamchere kudzera mu Zambezi, ndipo pagombe la kumeneko matope ndi ochuluka mwakuti korali sakhalako.

Tsiku lina ndikuwerenga za sikelo yopendekerayo, ndinakumbukira tchimo langa lina, lakale kuposa la m'kalasi lija. Ndili ku sekondale tinapatsidwa ntchito yokafunsa akuluakulu za njala ya 1949. Ndinakhala pamphasa ndi kope, Anganga akukulungiza mtsuko ndi nkhulungo. Sankadziwa zaka za manambala. Kwa iwo chinali chaka chimene mayi anga ankayamwa. Anafotokoza za mvula yodula chimanga chisanamasule, za mizu ndi zipatso za kutchire, za mizere ya kolandirira chakudya cha boma. Kenaka anati, "Amuna onse anathawa." Ndinaika cholembera pansi. Ndinati sizingatheke, Anganga, onse? Nanga agogo a m'nyumba yakumtundayo si anakalambira pompano? Anandiyang'ana, osayankha, n'kupitiriza kukulungiza. M'kope muja ndinalemba kuti ofunsidwa ankakokomeza, ndipo aphunzitsi anandipatsa malikisi abwino.

Ndinadzadziwa nditakula kuti amuna awo, amene anali mkamwini m'mudzimo, anapita kwawo kukafuna chakudya m'chaka chimenecho, osabwereranso. Ndinadzadziwanso kuti katswiri wa mbiri yakale Megan Vaughan, m'buku lake la 1987 lonena za njala imeneyi, anayenda m'midzi ya m'boma la Blantyre kumvetsera amayi ngati Anganga ndi nyimbo zawo za pamtondo, n'kupeza kuti kusiyidwa kwa akazi ndi ana chinali chimodzi mwa zazikulu za njalayo, chimene malipoti a boma sanachione bwino. Mawu oti onse anali opendekera, inde. Koma ankapendekera mbali imodzi nthawi zonse, mbali ya bala lawo, monga mizere ya m'miphika yawo. Ndikanadziwa woumbayo, ndikanachotsera pang'ono pa onse n'kutsala ndi choonadi chachikulu kuposa cha m'malipoti. Ine ndinkafuna mboni yopanda thupi, yopanda njala, yopanda mwamuna wothawa, ngati choyezera chagalasi. Mboni yotero m'chaka cha njala kunalibe. Onse amene anaona anali ndi mimba. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma awa anagonera mpaka mwini wake atapita.

N'chifukwa chake mawu oti vital effect sindiwamvanso ngati dandaulo. Madzi a m'nyanja amangodutsa, sasunga kanthu. Kukadapanda kanyama kotseka chitseko, kopopa asidi, kothamangira kumanga, sipakanakhala mwala woti munthu awerenge. Dzanja limene limapendeketsa umboni ndi lomwelo limene limausunga. Ngakhale muyeso wa boron, umene ofufuza ankayembekeza kuti uwauza za asidi wa m'nyanja zakale, unapezeka kuti ukunena kwambiri za asidi wa m'kampata kaja. Poyamba zinaoneka ngati chokhumudwitsa china, koma Malcolm McCulloch ndi anzake anazitembenuza mu 2012 n'kuyamba kuyeza nazo mphamvu zimene kanyamako kakugwiritsa ntchito polimbana ndi madzi ozungulira. Chimene chinkaoneka ngati chilema cha mboni chinasanduka njira yomvera kugunda kwa mtima wake.

Ndipo mtimawo ukugunda molemedwa. Nyanja zamwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a carbon dioxide amene anthu timatulutsa, ndipo chiyambire nyengo ya mafakitale pH ya madzi apamwamba yatsika kuchoka pa 8.2 kufika pa 8.1. Korali sasungunuka lero ndi lero ngati mmene anachitira ndi asidi wanga wa m'kalasi, chifukwa kanyamako kamatetezabe kampata kake. Koma kupopa kumadula mtengo. Ofufuza aona kuti m'madzi a asidi wochulukirapo Porites amatalikabe monga kale, koma mafupa ake amakhala otakasuka, osavuta kuswedwa ndi mafunde. Kutentha ndiye kumapha msanga. Madzi akaposa ndi digiri imodzi yokha kutentha kwa mwezi wotentha kwambiri wa pamalopo, n'kukhala choncho kwa masabata angapo, ubale wa kanyamako ndi ndere zake umasweka. Ndere zimachoka, mwala n'kuonekera mbee kudzera m'khungu, woumba n'kutsala ndi njala. Mu 1998 zimenezi zinachitika m'nyanja zonse zofunda, ndipo m'madera ambiri a ku Kenya, Seychelles ndi Maldives makorali oposa theka anafa. Opulumuka ambiri anasiya m'mafupa awo mzere wothithikana wosakhala wamasiku onse, chipsera cha chaka cha njala. M'zaka ngati zimenezi ndi mmene sikelo imayamba kusinthasintha, ndiye kuti nthawi imene tikufunitsitsa umboni ndi imene mboni yafooka.

Izi ndinaziona ndi maso anga kwathu. Miphika ya Anganga ya zaka zawo zomaliza inali yopepuka, ya milomo yokhota, ina inkasweka pamoto. Dongo linali lomwe lija la pa mtapo womwe uja. Amayi a m'mudzi ankaigulabe, mwaulemu, koma akaigwira ankadziwa kuti nyamakazi yalowa m'zala. Ukanandandalika mapale awo kuyambira a utsikana mpaka a ukalamba, ukanawerengapo moyo wonse, ndi chaka cha njala chomwe, popanda wolemba ngakhale chilembo chimodzi.

Mtsikana wa funso lija anali atalemba kale mayeso ake n'kuchoka pamene yankho langa linkapsa. Ndinamva kuti anakaphunzira unamwino. Sindinapeze mpata womuuza kuti funso lake linali labwino kuposa silabasi. Chimene ndimachita n'chakuti chaka chilichonse tikafika pa mutu wa carbonate ndimadonthezabe asidi, thovu n'kuchita, ine n'kulemba CaCO3 pabolodi monga kale, poti mayeso amafuna zimenezo. Kenaka ndimayendetsa kamwala kaja m'mabenchi n'kuwauza anawo kuti asuzumire m'timaenje, andiuze amene ankakhalamo ankadya chiyani. Amaseka, monga ndinasekera ine pachipupa paja.

Kwa mayi anga kwatsala mtsuko umodzi wa Anganga, wa nthawi imene dzanja linali lamphamvu. Umakhala pakona, wovundikira ndi mbale, ndipo madzi ake amazizira ngati a m'firiji. Ndikapita kumudzi ndimadikira kuti madzi atsike, n'kupisa dzanja m'kati, pansi pa khosi, pamene nkhulungo sinkafika. Mizere ya zala zawo ilipobe. Dzanja langa lamanja limakana kukhalamo, zala zimangodutsana ndi mizere. Ndimasintha n'kupisa lamanzere.